Ndalama za Phiri la Mulanje: bwanji osangozigwiritsa ntchito zonse?

Mphunzitsi wina wa ku Phalombe wanditumizira imelo. Akuti anamva kuti bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lili ndi madola mamiliyoni amene anasungitsa kunja, pamene phiri likuyerayera. Funso lawo: “Ndalama zikukhaliranji kubanki mitengo ikutha? Bwanji osazitulutsa zonse n’kudzala mitengo phiri lonse?”

Aphunzitsi, zimene munamvazo n’zoona. Bungweli linakhazikitsidwa cha m’ma 2000, ndipo thumba lothandiza zachilengedwe la Global Environment Facility, kudzera ku Banki Yaikulu Padziko Lonse, linalipatsa madola pafupifupi 5.5 miliyoni kuti akhale mpamba wosatha. Pangano lake n’lakuti mpambawo sudyedwa. Umaikidwa m’masheya ndi m’mabondi (ngongole zimene maboma ndi makampani amabweza ndi chiwongoladzanja), ndipo chaka chilichonse amatapako phindu lokha.

Musafanizire ndi banki mkhonde. Kumeneko Disembala akakwana mumagawana zonse, mpamba ndi chiwongoladzanja chomwe, n’kuyambiranso. Kuno kulibe tsiku logawana. N’chimodzimodzi ng’ombe yamkaka: mumakama, simuipha.

Tingoyerekeza kuti atapapo 5 pa 100 iliyonse. Pa madola 5.5 miliyoni, ndiye kuti madola 275,000 pachaka. Kwa inu ndi ine n’zambiri. Koma nkhalango imeneyi ndi yoposa mahekitala 50,000, inakhudza maboma awiri, ndipo inazingidwa ndi midzi ya anthu ochuluka ofuna nkhuni, makala ndi malo olima. Ndalama zotere sizichedwa kutha.

Nanga bwanji osatulutsa zonse? Chifukwa moto suona kalendala ya pulojekiti. Mapulojekiti a mabungwe amakhala zaka zitatu kapena zisanu. Akatha, galimoto imafera pa ofesi, nazale imauma. Koma chilimwe chilichonse pamafunika anthu olambula njira zotchinga moto, mafuta a galimoto, chakudya cha alonda ogona kuphiri. Mkungudza umakula pang’onopang’ono, ndipo mbande yake ikapsa kamodzi, basi. Mukhoza kudzala phiri lonse chaka chino, moto wa osaka mbewa ndi akalulu n’kunyeketsa zonse chaka chamawa. Ntchito zosaoneka pa chithunzi ngati zimenezi ndi zimene opereka thandizo sakonda kulipira, ndipo ndi pamene mpamba wosatha umagwira ntchito yake.

Zosunga kunjazo musakhumudwe nazo. Kumbukirani Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mpamba ukanakhala m’makwacha, ukanafwifwa usiku umodzi. Komabe kunjako nakonso kuli mavuto ake: misika ya masheya itagwa mu 2008, matumba otere anaphwa ndithu.

Tsopano mbali imene imandiwawa. Mkungudza wa ku Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, ndipo mwachilengedwe umapezeka paphiri limeneli lokha. Komatu kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Zonsezi zinachitika mpamba ulipo! Ocheka matabwa ankakwera, matabwa ankatsika pamutu, ogula m’tauni ankadikira. Bungweli lilibe mphamvu yomanga munthu. Udindo umenewo uli m’manja mwa Dipatimenti ya Zankhalango, apolisi ndi makhoti. Phindu la kubanki lingagulire mlonda nsapato, koma silingakhwimitse chilango chikakhala chochepa kuposa mtengo wa thabwa.

Choncho ine sindingavomereze zothyola mpamba. Mkwiyo wanu ndikuumva, makamaka inu a ku Phalombe amene munaona matope ndi miyala ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Koma funso loti mukafunse ku ofesi ya bungweli ku Mulanje ndi ili: phindu la chaka chatha linali zingati, zingati zinathera mu ofesi, ndipo zingati zinafika kwa olambula njira za moto ndi kwa magulu a nazale a m’midzi ya m’mphepete mwa phiri? Mukapite ndi a komiti ya zachilengedwe ya m’mudzi mwanu, ndipo yankho lake mupemphe kuti akulembereni.