Foni yati mwana wanu ali ndi IQ ya 72? Musathamangire kumusiyitsa sukulu

Mayi wina wa ku Kamwendo, ku Mchinji, wanditumizira imelo. Mnyamata wawo wa zaka 11 akubwereza Sitandade 4, aphunzitsi akuti ndi wouma mutu, ndipo amalume ake atamuyesa ndi mayeso a nzeru (IQ) a pa foni wapeza 72. Akufunsa ngati angomusiyitsa kuti azithandiza kumunda wa mtedza. Kumapeto awonjezera kuti: "Koma galimoto zamawaya amapanga zokhota bwinobwino, ndipo kumsika sabedwa chenji."

Mayi, 72 ameneyo mukamutaye kudzala. IQ si kilo ya pa sikelo ya mavenda. Ndi nambala yofanizira mwana ndi anzake a msinkhu wake amene mayesowo anayesedwerapo poyamba. Wapakatikati amapatsidwa 100, ndipo ana awiri mwa atatu alionse amagwera pakati pa 85 ndi 115. Mayeso enieni, monga WISC amene David Wechsler anatulutsa mu 1949, amayendetsedwa ndi katswiri wa za maganizo, mwana mmodzi payekha, kwa ola lathunthu kapena kupitirira: matanthauzo a mawu, kusanja timabuloko, kubwereza manambala, liwiro. Ngakhale zitayenda choncho, nambala imatha kusuntha ndi mapointi 5 uku kapena uko. Nanga a pa foni, a m'Chingerezi, mwana ali ndi mantha amalume atamuyimirira pamutu, akumufanizira ndi yani? Ndipo dziwani kuti dokotala satchula mwana kuti ali ndi vuto la kaganizidwe poona nambala yokha. Amaonanso ngati amadzisamalira, amatumika, amadziwa ndalama. Wanuyo chenji amachidziwa.

Za mawayazo mwazilemba ngati zongodutsa, pomwe ndi pamene pagona nkhani. Mu 1979 Robert Serpell, wa ku yunivesite ya Zambia, anafalitsa kafukufuku amene anapatsa ana a ku Zambia ndi a ku England ntchito imodzi: kutengera chithunzi. Pogwiritsa ntchito pepala ndi pensulo, a ku England anapambana. Pogwiritsa ntchito waya, a ku Zambia anawasiya kutali. Pa dongo anangofanana. Luso loona kapangidwe ka chinthu linali lomwelo, chinasiyana ndi chipangizo chimene manja anazolowera. N'chifukwa chake iye ndi anzake anakonza mayeso otchedwa Panga Munthu, oti mwana aziumba munthu ndi dongo m'malo mojambula.

Serpell yemweyo anakhala zaka zambiri akufufuza pakati pa Achewa anzathu a ku Katete, kungodutsa Mwami ndi Chipata apa. Akuluakulu a m'midzi atafunsidwa kuti mwana wanzeru ndi wotani, sanatchule kuchenjera kokha. Anatchulanso kumva, kutumikira ndi kukhulupirika. Mwana wochenjera koma wosatumika sankamuwerengera kuti ndi wanzeru. Mayeso a IQ amayesa mbali ya kuchenjera yokha, ndiponso ya papepala.

Komatu sindili m'gulu la amene amati ana onse ndi ofanana mutu. Limenelo ndi bodza lotonthozera. Charles Spearman anaona kale mu 1904 kuti mwana wokhoza phunziro limodzi amakonda kukhozanso ena, ndipo kafukufuku wa mapasa amaonetsa kuti chibadwa chili ndi gawo lake. Mayeso oyendetsedwa bwino amalosera ndithu mmene mwana angachitire m'kalasi. Chimene ndimakana ndi mawu akuti wouma mutu. Ndi mawu aulesi. Satiuza kuti chavuta n'chiyani, amangotseka nkhani, ndipo mphunzitsi wa ana oposa 100 amawakonda chifukwa amamupepusira ntchito. Alfred Binet, amene anayambitsa mayesowa ku Paris mu 1905 pamodzi ndi Théodore Simon, ankafuna kupeza ana oti athandizidwe mwapadera. Ife tawasandutsa chosefera.

Ndipo nambalayo siiuma ngati simenti. James Flynn anaonetsa kuti m'maiko ambiri IQ inkakwera pafupifupi mapointi 3 pa zaka 10 zilizonse, liwiro limene chibadwa sichingathamange. Mu 2018 Stuart Ritchie ndi Elliot Tucker-Drob anaphatikiza zotsatira za anthu oposa 600,000 n'kupeza kuti chaka chimodzi choonjezera cha sukulu chimakweza IQ ndi pointi 1 mpaka 5. Ndiye kumusiyitsa chifukwa nambala ndi yotsika kuli ngati kuleka kuthirira dimba chifukwa masamba afota. Kunonso thupi limadya nzeru mwakachetechete. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Malungo okomola amasiya ana ena akuvutika kutchera khutu ndi kukumbukira kwa zaka. Kusowa ayodini mayi ali woyembekezera kumawononga kwambiri, choncho chifukwa cha azing'ono ake, mchere ugulidwe wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, ndipo uzisungidwa m'chitini chotseka, kutali ndi moto ndi dzuwa.

Zoti muchite mwezi uno

Yambani ndi makutu. Imani kumbuyo kwake, mtunda wa mkono umodzi, atseke khutu limodzi, munong'one manambala atatu abwereze, kenako khutu linalo. Khutu lotuluka mafinya ndi la kuchipatala. Mufunseni ngati amaona zolembedwa pa bolodi ali pamalo pake. Yang'anani ngati amangoti duu kwa masekondi ochepa kangapo patsiku osamva mukamuitana, chifukwa pali mtundu wa khunyu wosagwetsa. Ku chipatala cha boma ku Mchinji kapena chaching'ono cha kwanuko, pemphani amuyeze magazi, ndipo mkodzo wa magazi muutchule, poti likodzo lili ndi mankhwala.

Kenako siyanitsani kuganiza ndi kuwerenga. Muwerengereni kankhani ka Chichewa, mumufunse mafunso 5. Mawa lake awerenge yekha kena kofanana. Akamayankha zomva koma n'kukakamira pa zilembo, vuto ndi kuwerenga, ndipo mankhwala ake ndi maphatikizo, mphindi 15 tsiku lililonse: ma me mi mo mu, kenako mba, ndi, nkho, mpaka azituluka osaganizira. Zilembo zomusokoneza monga b ndi d azipinde yekha ndi waya. Zonsezi zikapanda kusuntha kanthu pakatha teremu, pitani kwa ahedi muwapemphe akulumikizeni ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulaimale m'dera lanu, kuti mwanayo aonedwe ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, monga amene amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Popita kumeneko mutenge makope ake, buku lake la kuchipatala, ndi galimoto imodzi ija.