Za maiko akunja sizidyeka, nanenso ndinkatero

Achimwene, mawu anu aja oti phungu wolankhula za maiko akunja ku Nyumba ya Malamulo akungotaya nthawi poti ife tikufuna mjigo ndi feteleza andigunda pachilonda. Ndawawerenga ndili pa makina, mpaka ndasiya thalauza la kasitomala mwendo umodzi wosapinda. Sindikukunyozani ayi, chifukwa nanenso ndinkalankhula chomwecho, mwinanso mokweza kuposa inu. Chinanditseka pakamwa ndi chaka cha 2015.

Ndinali ku Durban, dera la Chatsworth, chaka chachinayi ndikusoka mayunifomu a sukulu mufakitale ina. Loweruka ndi Lamulungu ndinkasoka zanga mu shaki, pa makina anga a Singer amene ndinagula ndi ndalama zosunga miyezi isanu ndi iwiri, ndikudya buledi ndi tiyi wopanda mkaka. Mu March tinamva zoti mfumu ya Azulu, malemu Goodwill Zwelithini, yalankhula ku Pongola kuti alendo amange katundu azipita kwawo. Pambuyo pake inadzati atolankhani anaipotozera mawu, koma moto unali utayaka kale. Zinayambira ku Isipingo kumapeto kwa mweziwo. Ife tinkangoti zithera komweko, ngakhale tonse tinkadziwa zoti mu 2008 anthu 62 anafa pa nkhani yomweyi.

Isitala itangodutsa, usiku wina cha m'ma 9 koloko, mayi a kunyumba anali atangoteleka nyemba pa sitovu ya parafini. Tinamva malikhweru kumtunda, kenako phokoso la zitsulo zomenya malata, nyimbo ikuyandikira. Amayi ena a Chizulu oyandikana nafe, amene ndinkawasokera mayunifomu a kutchalitchi, anagogoda pakhoma m'malo mwa pachitseko, n'kunong'ona kuti tulukirani kumbuyo, musanyamule kanthu. Ndinangotola pepala la shuga m'mene tinkasunga mapasipoti, n'kulilowetsa m'kabudula wamkati. Mayi anabereka mwana, anali ndi zaka ziwiri, popanda n'chitenje chomwe, anangomumanga ndi tawulo lonyowa.

Tinakabisala m'ngalande ya madzi oipa kuseri kwa mashaki, madzi ofika m'mawondo. Mayi anaponda botolo losweka chidendene chonse kung'ambika, koma sanalire, anangondiluma paphewa. Chipsera ndili nacho mpaka lero. Mwana atayamba kulira ndinamutseka pakamwa ndi dzanja langali, ndipo ndinatseka kwambiri moti anasiya kuphupha. Abale, mphindi imeneyo sindiifotokoza bwino. Ndinaganiza kuti ndapha mwana wanga ndekha, anthu a zikwanje asanamukhudze n'komwe. Nditachotsa dzanja anakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kusanza pachifuwa panga. Tili momwemo ndinaona makina anga akudutsa pamutu pa mnyamata wina, lamba wake akulendewera. Mnyamatayo ndinkamudziwa. Thalauza limene anavala usiku umenewo ndinamupindira ndine, ulere, amayi ake atadandaula kuti alibe ndalama.

Kutacha tinapezeka ku kampu, pabwalo la mpira, matenti akuluakulu oyera, amuna kwawo akazi kwawo. Amalawi tinalipo ambiri zedi, pamodzi ndi a ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Chakudya chinkabwera ndi mabungwe ngati Gift of the Givers komanso amwenye a m'deralo, mipingo ndi mizikiti. Mzere wa kuchimbudzi unkatalika kuposa wa chakudya. Mvula ikagwa bulangete linkanyowa, ndipo April wa kumeneko kuzizira kumakhala kwayamba.

Tsopano imvani za olemekezeka athu, phungu wa dera lakwathu. Nambala yawo ndinali nayo, osati yopempha kwa munthu, anandipatsa okha. Pa kampeni ya 2014 ankatiimbira ife a ku Joni, ati ana anga uzani makolo anu kumudzi andivotere, inu ndi amene mukumanga dera lino ndi malata anu. Tinasonkha ma rand anyamata khumi ndi awiri n'kuwatumizira ya mafuta a galimoto. Ndiye ndili mu tenti muja ndinalipira munthu kuti andichajire foni, n'kugula mayunitsi ndi ndalama imene ikanagula mankhwala a chidendene cha mayi. Ndinaimba kanayi. Kachisanu anayankha mnyamata wowanyamulira chikwama. Ndinafotokoza zonse, ndikunjenjemera. Sindinapemphe ndalama, Mulungu ndi mboni. Ndinati olemekezeka angolankhulako pa wailesi, anene kuti ana a m'dera lawo akugona pabwalo la mpira, afunse boma kuti likuchitapo chiyani, makolo athu amve kuti alipo wina akutikumbuka. Yankho lake linali lakuti bwana ali pamsonkhano, komanso nkhani za kunja ndi za unduna, iwowo ndi a chitukuko cha kudera. Anadula foni ndisanatsanzike.

Za unduna! Pamene ankafuna ya mafuta sanadziwe kuti ma rand ndi a kunja? Ndipo bodza limeneli ndi limene limandiwawa kuposa makina aja. Munthu akasankhidwa kukhala kazembe amakaonekera kaye pamaso pa komiti ya aphungu yoona za maudindo, ndiyo imamuvomereza. Ndalama zoyendetsera maofesi a akazembe athu zimadutsa mu bajeti imene iwo omwewo amavomereza. Ali ndi komiti yawoyawo yoona za ubale ndi maiko ena. Nyumba ya Malamulo ya Africa yonse imakumana ku Midrand, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, m'dziko lomwelo limene ife tinkabisala m'ngalande, ndipo dziko lililonse limatumizako aphungu asanu. Ulendo wa pandege ukapezeka nkhani za kunja zimakhala zawo. Ikaimba foni yochokera mu tenti zasanduka za unduna.

Amene ife tinawamva akuchita phokoso kumudzi kuno anali a mabungwe. Anthu anayenda ku Lilongwe kukasiya kalata ku ofesi ya kazembe wa South Africa. A John Kapito a bungwe la ogula anamema anthu kuti Lachisanu lina asagule m'masitolo a ku South Africa, ndipo masitolowo anatsekadi tsiku limenelo. Kaya zinathandiza kaya ayi, koma ife mu tenti tinkapatsirana foni kuonera zithunzizo, ena akulira. Masiku omwewo ndi pamene Emmanuel Sithole wa ku Mozambique anabayidwa ku Alexandra masanasana, zithunzi zake n'kufalikira dziko lonse. Boma nalo ndisaliname, linatumiza mabasi. Tinadutsa Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa pa Tete, Zobue, Mwanza, mpaka pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, mwendo wa mayi utatupa ngati mtondo.

Patatha masabata awiri olemekezeka anatulukira kumudzi, galimoto ziwiri, ina yodzaza anyamata ovala makaka a chipani. Anatisonkhanitsa ife obwera pansi pa mtengo wa mango kwa amfumu. Aliyense analandira ndowa ya pulasitiki, kathumba ka ufa ndi sopo wamtanda. Wojambula anatiuza kuti tinyamule ndowazo m'mwamba. Kenako bwana analankhula kuti izi zikhale phunziro, achinyamata azikhala pakhomo n'kumalima, kunja kulibe mayi. Anthu anawomba m'manja, azimayi nthungululu. Amayi anga enieni anali m'gulu loimba nthungululuzo. Ine ndinaima ndi ndowa yanga yobiriwira ngati chitsiru, ndikuyang'ana mnyamata wa chikwama uja, iye akuyang'ana kumbali.

Pamenepo mpamene ndinaona kuti vuto si iwo okha. Ndi ife. Pamsonkhano wa kampeni ndani anaimikapo dzanja kufunsa kuti bwana, nanga ana athu ali ku Joni mukuti bwanji, nanga atsikana akuzunzika m'nyumba za anthu ku Oman? Palibe. Timafunsa za mlatho, bokosi la maliro, mpira wa bonanza ndi malata a tchalitchi. Phungu amene angaime ku Lilongwe kulankhula za mgwirizano wa maiko timamunena kuti wayamba matama, akuyankhula Chizungu cha pa TV, kuno sabwera. Iwonso si opusa, amapita kumene kuli mavoti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, eti.

Chikhalirecho za kunjazo zimatipeza mpaka kukhitchini. Mu April 2011 boma la a Bingu linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, chifukwa cha kalata yake yachinsinsi imene inaululika. Pofika July Britain inaimitsa thandizo la bajeti. Sindikuti mavuto onse anayambira pamenepo, fodya nayenso sanagulidwe bwino chaka chimenecho, koma amene munagona pa filing'i siteshoni ndi zigubu mukukumbuka, ndipo za pa 20 July sitichita kukumbutsana. Mu January 2008 tinangomva pa wailesi kuti tasiyana ndi Taiwan, tsopano tili ndi China. A Taiwan amene anamanga chipatala chachikulu cha Mzuzu ananyamuka. Nyumba yeniyeniyo imene aphungu amakhalamo ku Lilongwe anamanga ndi a China. Munthu akukhala pampando wa mphatso ya dziko lina n'kumati za kunja sizimukhudza.

Ndipo wina akayesa kulankhula, timayamba taona kaye mtundu wa nsalu yake. Mu November 2023 achinyamata 221 atatsala pang'ono kukwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ya ku Gaza ili mkati, a Kondwani Nankhumwa, nthawi imeneyo ali mtsogoleri wa mbali yotsutsa, anadzudzula nkhaniyo m'Nyumba ya Malamulo kuti yachitika mobisa. Munaona zimene zinachitika m'magulu athu ano. A mbali ina ankati nsanje, alekeni ana akapeze madola. A mbali inayo ankati boma lagulitsa ana. Ochepa kwambiri ndi amene anafunsa za pepala limene anawo anasaina, kuti wina akavulala alipira ndani, akamwalira thupi libwera bwanji. Ine ndinkangoganiza kuti mwa ana 221 amenewo, angati ali ndi nambala ya phungu wawo m'foni akuganiza kuti ndi chishango. Za nyanja ya Malawi zokha ndi zimene aliyense amalusa mofanana, a Tanzania akangoti malire ali pakati pa madzi, aphungu onse amasanduka mikango, mpaka kutchula pangano la malire la 1890 la Britain ndi Germany. N'zosavuta kulusa pamenepo, nyanja siimba foni usiku.

Koma poti ndayamba kuulula, ndimalize. Mu 2017 amayi anga anamwalira kuchipatala cha boma, ine ndilibe ngakhale ya thumba limodzi la chimanga. Amene anatumiza bokosi ndi lole yonyamula maliro ndi olemekezeka omwe aja. Anabwera okha kumanda, anakhala pansi pa fumbi ndi ife. Mu 2019 ndili m'kachipinda kovotera ndinayang'ana nkhope yawo papepala, ndinakumbuka ngalande ija, ndinakumbukanso bokosi, ndipo ndinachonga pa iwo. Mayi a kunyumba atamva anakhala masiku awiri osandiyankhula. Ankangondionetsa chidendene.

Ndiye achimwene, langizo langa ndi ili. Akabwera kudzapempha voti, afunseni pagulu, pa maikolofoni, anthu akumva, kuti ana a dera lino amene ali kunja akadzagwa m'mavuto mudzaima n'kulankhula kapena mudzati ndi za unduna. Ajambuleni pafoni akuyankha. Musachite manyazi anthu akamakuzomani kuti mukuchedwetsa zitenje. Koma inu amene muli kunjako, ndikuuzeni zoona, musataye mayunitsi kuimbira phungu, olo atakhala wolankhula bwanji. Sungani nambala ya transipota wodalirika, ya tcheyamani wa bungwe la maliro la anthu akwanu, ndi ya abusa kapena shehe wa pafupi. Pasipoti izikhala m'pepala la pulasitiki pamalo oti mutha kuitola mumdima. Ndalama musaunjike m'shaki, tumizani kumudzi mwezi ndi mwezi ngakhale zichepe. Katundu wolemera ngati makina musagule kumeneko, ngakhale kunena zoona makina aja ndi amene anandimangira nyumba imene ndikulemberamo izi. Ndipo ngati muli ndi kachipinda ndi dimba kuno, khalani, Joni si kumwamba.

Mng'ono wanga akunyamuka mwezi wamawa, akupita ku Cape Town, akuti kumeneko n'kwabwinoko. Ndamuletsa mpaka pakamwa kuuma, kenako ya basi ndamubwereka ndine. Dzulo anabwera kudzandipempha nambala ya olemekezeka atsopanowa, ati mwina ingadzathandize. Ndamupatsa.