Kambalame ka mizere kumutu kokonda miyala

Funso: Akonzi, m'mapiri a ku Ekwendeni, m'tchire louma la miyalamiyala, ndimaona kambalame kofanana msinkhu ndi mpheta, ka mizere yakuda ndi yoyera kumutu. Kamatolatola pansi, kenako n'kukwera pamwala n'kumaimba. Kodi n'kambalame kanji?
Wowerenga, Chibavi, Mzuzu

Yankho: Zikomo bambo kapena mayi. Malo mwatchulawo ndi khalidwe lakelo zikuloza kwa Cinnamon-breasted Bunting, imene akatswiri amaitcha Emberiza tahapisi. Kutalika kwake ndi masentimita 13 mpaka 15. Koma musadalire mutu wokha, chifukwa kuno kwathu ili ndi abale ake angapo a mizere yomweyo. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka.

Yambani ndi chifuwa. Chikakhala chofiirira ngati njerwa yootcha kutsika mpaka kumimba, pakhosi pali pakuda, ndiye yomweyo, yaimuna. Yaikazi ndi yothimbirira: pakhosi potuwa, mizere yosawala kwenikweni, ndipo ena amaiyesa mtundu wina. Ikatembenuka onani mlomo. Wam'mwamba ndi woderapo, wam'munsi wachikasu.

Chifuwa chikakhala chachikasu chowala, mapiko ali ndi mizere yoyera, imeneyo ndi Golden-breasted Bunting, yomwe imakonda kwambiri pamene pali mitengo. Iyi ikauluka imaonetsa zoyera m'mbali mwa mchira, pomwe yathu ija ilibe. Chifuwa chotuwa, khosi loyera ndi mapiko ofiirira ndi Vincent's Bunting, ya m'matanthwe akuluakulu.

Kuwala nakonso kumanyenga. Dzuwa likangotuluka kapena likamalowa limafiiritsa nthenga, mwakuti chotuwa chimaoneka chofiirira. Imani dzuwa lili kumsana kwanu, mamita 10 kapena 15 kuchokera pamwala womwe imakonda, ndipo musaithamangire. Imabwerera pamalo pomwepo. Nyimbo yake ndi yaifupi, yokhakhala, ndipo imaibwereza kambirimbiri osasintha. M'chilimwe dikirirani pa kadziwe kotsala m'khwawa, popeza mbalame yodya njere za udzu zouma imabwera kudzamwa pafupipafupi.

Mukaiona ikunyamula udzu, bwererani m'mbuyo. Imamanga chisa pansi, m'munsi mwa mwala kapena patsinde pa udzu, n'kuikira mazira awiri mpaka anayi, choncho phazi limodzi kapena moto wa osaka mbewa umatha kuwononga zonse.