Wotchi ya kompyuta yabwerera m'mbuyo, ndiye akuti aifomate?

Mayi wina yemwe ali ndi kashopu kotayipira makalata ndi kuchita fotokope ku Ndirande wandilembera imelo sabata ino. Akuti kompyuta yawo ya Dell ikayaka m'mawa imaima pa sikirini yakuda n'kumalamula kuti adine F1, ikalowa mu Windows imaonetsa deti la zaka zapitazo, ndipo Chrome ikukana kutsegula Gmail. Mnyamata wokonza makompyuta wawauza kuti yalowa vayirasi, pakufunika kuifomata, kutanthauza kufufuta zonse zili m'kompyutamo n'kuikamo Windows mwatsopano. Akufunsa ngati apereke ndalamayo.

Ayi mayi, musapereke, ndipo mnyamatayo asaikhudze kaye kompyutayo. Vuto lanulo ndi laling'ono, kabatire ka wotchi ya mkati mwa kompyuta katha mphamvu, ndipo mulithetsa nokha. Koma mundikhululukire, nditulutse kaye zakukhosi, chifukwa nkhani ya kufomata ndinakangana nayo kalekale.

Malume anga anali mlembi wa pampingo wathu ku Chilomoni. Anali munthu wadongosolo kwabasi, wosunga malisiti m'jumbo mpaka inki kufufutika yokha. Atapuma pantchito anagula kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito, mwa zija zimabwera m'makontena, n'kudziphunzitsa Excel okha, kutayipa ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno. Analowetsamo zonse: mayina a ana obatizidwa, maukwati, zopereka za pamwezi, ndalama zomangira holo, ngakhale mayina a anthu omwe anabwereka mabenchi pamaliro osabweza. Mabuku ena akale anali atadyedwa ndi chiswe, ndiye kompyutayo ndiyo inatsala ngati kaundula weniweni wa mpingo.

Chaka china mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kompyutayo inayamba kuzima yokha. Akagwira ntchito pang'ono fani inkayamba kulira kwambiri, kenako zii. Malume anaikulunga m'chitenje n'kukwera nayo minibasi mpaka ku Limbe, kwa anyamata ena a pakhonde la shopu omwe amabena nyimbo n'kumakonzanso makompyuta. Anauzidwa kuti "bwana, kamwereni tiyi, pobwera muipeza yachira." Palibe anawafunsa ngati muli mafayilo ofunika, ndipo iwonso sankadziwa kuti pali choti achenjeze. Pobwera anapezadi Windows yatsopano, chithunzi cha galimoto yofiira pa sikirini, ndi nyimbo zambirimbiri zomwe anyamatawo anawaikira monga basela. Foda ya mpingo inali itapita.

Anandiitana madzulo a tsiku lomwelo, mawu akunjenjemera. Ndinachotsa hard disk, momwe mumasungika mafayilo onse, n'kukailumikiza ku kompyuta ina, n'kuyendetsa pulogalamu yaulere yobwezeretsa mafayilo otayika ya PhotoRec usiku wonse. Apa pali chinthu chimene ambiri sadziwa: kufomata kwachangu sikufufuta mafayilo nthawi yomweyo, kumangotaya ndandanda yosonyeza pomwe fayilo iliyonse ili. Chimene chimawaphadi ndi kulemba zinthu zatsopano pamwamba pake. Windows yatsopano ija inadya mbali ina, ndipo nyimbo za basela zija zinamaliza. Zomwe ndinapulumutsa zinabwera zopanda mayina, manambala okhaokha, zina zosatseguka. Maukwati tinawapeza. Zopereka za zaka zingapo sitinazionenso.

Mukudziwa mmene ife tilili pa nkhani ya ndalama za mpingo. Pamsonkhano wa akuluampingo palibe analankhula poyera, koma panja anthu ananong'onezana kuti kompyuta yasowetsa bwanji zolemba za ndalama zokhazokha. Munthu woti sanabepo ngakhale tambala! Malume anakhala miyezi akuyenda khomo ndi khomo kufunsa anthu makadi awo a zopereka kuti alembenso, ena n'kumawayankha mwachipongwe. Chaka chotsatira anatula udindo, ati maso akuwavuta, koma ife apabanja tinkadziwa chinawapweteka.

Ndipo chomwe chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti kompyutayo inapitiriza kuzima ngati kale. Nditatsegula chivundikiro ndinapeza fumbi litaundana pa heatsink, chitsulo choziziritsa processor yomwe ndi ubongo wa kompyuta, mpweya wosadutsa n'komwe. Processor ikatentha mopitirira muyezo imazimitsa kompyuta podziteteza, basi. Burashi ya penti youma ndi thermal paste yatsopano (mafuta opaka pakati pa processor ndi heatsink) zinathetsa nkhani yonse. Windows inalibe mlandu uliwonse.

Ndinkakonda kunena kuti anyamatawa tiziwamvetsa, nawonso akusaka ya ndiwo, ndipo ena mwa iwo ndi aluso zedi. Ndinaonapo wina akuwotcherera soketi ya chaja pa laputopu ndi dzanja losanjenjemera, ine sindingayerekeze. Koma pa nkhani iyi ndasiya kuwaikira kumbuyo. Kufomata kompyuta usanaitsegule, usanawerenge uthenga womwe yalemba pa sikirini, usanamufunse mwini wake za mafayilo, ndi ulesi. Ndikanena mosapsatira, ndi kuba. Amakonda kufomata chifukwa ndi ntchito yokhala ndi mtengo wodziwika, yongolowetsa fulashi n'kukhala pansi kumasewera pa foni, pamene kufufuza vuto kumafuna kuganiza ndipo nthawi zina yankho lake ndi la ndalama zochepa zoti sangadyepo kanthu. Wokonza amene wakuuzani kuti "vayirasi" asanayatse n'komwe kompyuta yanu, nyamulani katundu wanu muzipita.

Chinanso choseketsa: mavayirasi ambiri omwe ndimawapeza m'makompyuta a m'mashopu amabwera ndi kufomata komweko. Windows yomwe amaika ndi yakuba, ndipo kuti isamadandaule za laisensi amaikamo timapulogalamu totsitsa pa intaneti kosadziwika, n'kuzimitsa Windows Defender, antivirus yobwera ndi Windows, kuti isatigwire. Fulashi yawoyo yalowa m'makompyuta a tauni yonse. Inu munabwera ndi kompyuta yoyera yokhala ndi vuto la fumbi, mukubwerera ndi fumbi lomwelo kuphatikizapo matenda. Vayirasi yeniyeni ya m'mashopu ngati yanu, mayi, muidziwa ndi izi: kasitomala akalowetsa fulashi, mafoda ake onse amasanduka ma shortcut, tizizindikiro tokhala ndi kamuvi tongolozera kwina. Ngakhale imeneyo sifuna kufomata, chifukwa mafayilo amakhala angobisidwa. Mu Command Prompt, zenera lakuda la Windows lolembamo malamulo, mumalemba attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ngati fulashiyo ili pa E, ndipo amaonekanso. Vayirasiyo muichotse ndi antivirus pambuyo pake.

Vuto lanu la wotchi gwero lake ndi magetsi athuwa, mwa njira ina. Mkati mwa kompyuta, pa motherboard (bodi lalikulu pomwe zipangizo zonse zimalumikizidwa), muli kawotchi komwe kamayenda ngakhale kompyuta ili yozima. Chingwe chikakhala ku soketi ndipo magetsi alipo, kawotchiko kamadya magetsi a kukhoma. Akathima, kapena mukazula chingwe, kamadalira kabatire kakang'ono kooneka ngati ndalama yachitsulo. Tsono ganizirani moyo wa kompyuta mu Blantyre muno. Usiku timazula zingwe poopa mphenzi ndi magetsi obwera mwamphamvu, ndipo timachita bwino. Masana nawo akhoza kuthima. Kumbukirani mmene zinalili namondwe Ana atawononga damu la ku Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Maola onsewo timabatire timeneti tinkangodyeka. Onjezanipo kuti makompyuta ambiri m'mashopu athu anafika kuno atagwira kale ntchito zaka zambiri m'maofesi akunja, batire lake ndi lomwe lija la kufakitale.

Poti ndatchula magetsi, ndinene za ma extension. Aja a mabowo ambiri okhala ndi kanyali kofiira omwe timagula pamsika ambiri ndi waya wongogawa magetsi, sateteza chilichonse. Munthu amene amadya ndi kompyuta akufunika UPS, kabokosi kosunga moto magetsi akathima, ngakhale yaing'ono yongomupatsa mphindi zochepa kuti asunge kalata ya kasitomala n'kuzimitsa bwinobwino. Kuzima mwadzidzidzi ndi komwe kumawononga mafayilo a Windows pang'onopang'ono mpaka tsiku lina kukana kuyaka. Ndipo UPS ikasiya kusunga moto musaitaye: mkati mwa zing'onozing'onozi nthawi zambiri mumakhala batire la mavoti 12 lomwe limasinthika palokha. Komanso kumbuyo kwa makompyuta ena akale ochokera ku America kuli kaswitchi kofiira kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali ina. Kuno magetsi athu ndi a 230. Mwana akakasunthira pa 115, mukayatsa mumva kuphulika ndi fungo la utsi, power supply, bokosi lolandira magetsi m'kompyutamo, yapsa. Kamateni ndi selotepi.

Wina anena kuti bwanji osangogula yatsopano. Ndi ndalama ziti? Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kompyuta yatsopano inakhala ya mabungwe ndi makampani. Enafe tizisamala zomwe tili nazo. N'zoona kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipu ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndiponso, pa makompyuta a Intel, processor ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, zomwe ma Dell OptiPlex akale alibe. Anyamata ena ayamba kale kuopseza anthu ndi nkhani imeneyi kuti awaikire Windows 11 yokakamiza. Kompyuta ya Windows 10 sinasiye kuyaka tsiku limenelo, imatayipa ndi kupulinta monga kale, kungoti pa intaneti muzichenjera nayo, makamaka pa za kubanki. Imeneyi ndi nkhani ya tsiku lina, ndipo ndili nazo zonena zambiri.

Nanga Gmail ikukanirananji?

Webusaiti iliyonse yotetezedwa imaonetsa chiphaso chokhala ndi tsiku loyambira ndi lothera. Chrome imayerekeza masiku amenewo ndi wotchi ya kompyuta yanu. Kompyuta ikamaganiza kuti tili mu 2012, chiphaso choperekedwa chaka chino chimaoneka ngati chabodza, ndiye Chrome imatseka njira n'kulemba kuti "Your clock is behind". Mukaona mawu amenewo, yakuuzani kale matenda ake. Uthenga wa pa sikirini yakuda uja nawonso muuwerenge mawa m'mawa musanadine F1. Pa Dell umanena za nthawi kuti sinaikidwe, pa makompyuta ena umatchula CMOS, kachipu kosunga masetingi komwe kamadalira kabatire kaja.

Chochita

Gulani batire la CR2032, la mavoti 3. Limapezeka kwa okonza mawotchi ndi m'mashopu ogulitsa mabatire a rimoti ya galimoto. Onetsetsani nambalayo, chifukwa CR2025 imafanana nalo m'maso koma ndi yopyapyala ndipo imagwedera. Musanatsegule chilichonse koperani mafayilo anu pa fulashi ina yabwino, zomwe mukanayenera kumachita sabata iliyonse. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti moto wotsalira uthe. Chotsani chivundikiro cha pambali, pa ma Dell ambiri pali kachogwirira kongokoka osafuna sikuludiraiva. Gwirani chitsulo cha bokosilo kaye musanagwire zamkati. Batire muliona likunyezimira pa motherboard, mwina litabisala pansi pa mawaya. Kankhani kachitsulo kam'mbali mwake, lidumpha lokha. Ikani latsopano mbali yolembedwa + ikuyang'ana kumwamba, tsekani, yatsani, dinani F2 chizindikiro cha Dell chikangooneka kuti mulowe pa sikirini ya masetingi (BIOS), konzani deti ndi nthawi, sungani n'kutuluka. Mu Windows musafunefune dzina la Malawi pa chigawo cha nthawi, mulibe. Sankhani pomwe palembedwa Harare, Pretoria, UTC+02:00, n'kuyatsa poti nthawi izidzikonza yokha.

Kwa ena amene mukuwerenga: mukasintha batire kompyuta n'kubweretsa sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, musachite mantha. Bwererani pa F2, pezani SATA Operation, ndipo ngati ili pa RAID On ikani pa AHCI, ikakhala pa AHCI yesani inayo. Inu mayi izi sindikuyembekeza kuti zikuchitikirani, poti yanu ikulowa kale mu Windows mukadina F1.

Ikapitiriza kuiwala deti batire litasinthidwa, kaikirani batire lomwelo poyamba, chifukwa ena amakhalitsa padzuwa pa benchi mpaka kutha mphamvu ali m'pepala. Wokonza mawailesi aliyense akhoza kukuyezerani ndi mita yake, liyenera kuonetsa mavoti 3 kapena kupitirira pang'ono. Likakhala labwino, onani ngati kachitsulo kolipana sikanachite dzimbiri kapena kupindika, ndipo mundilemberenso mundiuze nambala ya Dell yanu yolembedwa kutsogolo kwa bokosi.