850 ya pa mapu a agogo si mafiti

Mayi a ku Ngabu, mwalemba kuti lizi ya malemu agogo anu, ya nthawi ya atsamunda, ili ndi mapu olembedwa 850 mbali ya kumsewu, 400 mbali inayo, ndi maekala 3.4. Amalume anu awerengetsa pafoni n'kupeza mamita 259, koma mutayeza ndi chingwe kukafika pampanda wa aneba mwapeza 171 okha. Ndiye banja lagwirizana zokasuma kuti mwaberedwa mamita 88.

Musathamange. Amalumewo atenga 850 ngati mafiti, pomwe anthu oyeza malo kalelo ankayenda ndi tcheni chachitsulo cha Gunter, cha timfundo 100 totchedwa malinki. Tcheni chonse ndi mafiti 66, kapena mamita 20.12, linki imodzi ndi masentimita 20 ndi pang'ono. Malinki 850 ndi mamita 171. Kodi si yomwe mwapeza ndi chingwe chanu ija?

Mapuwo akudzichitira okha umboni. Chulukitsani 850 ndi 400, mupeza 340,000. Ekala imodzi ndi malinki 100,000 mukachulukitsa mulitali ndi mulifupi, ndiye 3.4 yatuluka ndendende. Akanakhala mafiti, mundawo ukanakwana maekala 7.8. Mapuwo sindinawaone ndi maso, ndipo kunali tcheni china cha mainjiniya cha mafiti 100, koma manambala mwanditumizirawa akuloza kumodzi.

Pamene milandu yotere imafera ndi papepala loyamba. Loya akalemba mu samani kuti malire anu ndi mamita 259, inu n'kulumbira kuti n'zoona, mwadzimanga nokha. Khoti limaweruza zomwe mwalemba, osati zomwe munkatanthauza. Ndinaonapo bambo wina ali m'bokosi la mboni, loya wa mbali inayo atamupatsa mapu ake omwe n'kumufunsa modekha kuti, "Tationetsani pamene palembedwa mafiti." Anatembenuza pepala kawiri, thukuta lili kamukamu. Chomvetsa chisoni n'choti bamboyo analidi ndi dandaulo, chifukwa mpanda unalowadi m'munda mwake mamita angapo kungodya ina, koma woweruza anali atasiya kale kumukhulupirira. Anabwerera chimanjamanja, n'kulipiranso ndalama zomwe mnzakeyo anawononga pamlandu. Kupempha kukonza nambala mlandu uli mkati n'kotheka, koma si nthawi zonse khoti limalola, ndipo likalola nthawi zambiri wolipira ndi inu.

Foni ya amalume si mboni, chingwe chanu si mboni. Chomwe khoti limalemekeza ndi lipoti la saveya (woyeza malo) wa chiphaso, yemwe wafika pamunda, wafunafuna mabikoni (zizindikiro za malire zozikidwa pansi), n'kuwafananiza ndi mapu oyambirira osungidwa ku ofesi ya Surveyor General. Kawirikawiri bikoni ikapezeka pamalo pake imaposa nambala ya papepala. Vuto la kuchigwa kuno ndi matope: madzi osefukira a 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023 anakwirira zambiri. Musalole achinyamata kukumba n'kuimika bikoni pomwe akuganiza, kusuntha bikoni ndi mlandu pawokha. Kumaofesi akakuuzani kuti fayilo sikuoneka, bwerani mawa (nyimbo imeneyi tinaitopa nayo), pemphani polemba kalata, akudindireni kope lanu.

Zina mwachidule. Onani ngati liziyo ikadali ndi moyo, chifukwa zina zinali za zaka zochepa, ndiponso ngati lendi ya boma inkaperekedwa. Agogo anamwalira, choncho wosuma ayenera kukhala ndi kalata ya khoti yoyendetsera chuma cha masiye; kukhala mwinimbumba sikukwanira, amalume amve zimenezo. Mkangano wa umwini wa malo a lizi umapita ku Khoti Lalikulu, osati kwa majisitireti, ndipo amfumu angathandize kuyanjanitsa koma sangasinthe mapu. Mpandawo ngati wakhalapo zaka zoposa 12 popanda wodandaula, lamulo la nthawi yosumira likhoza kukutsekerani khomo ngakhale saveya atapeza kuti walowadi. Ndalama ya loya ikavuta, pitani ku Legal Aid Bureau mutanyamula lizi yeniyeniyo, osati chithunzi cha pafoni, ndipo musalembepo chilichonse ndi bolopeni.