Azakhali, za kung'amba mimba za usipa zija

Azakhali, mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona m'gulumu. Mukuti msuweni wangayu wamaliza digiri yake ya zaka zinayi, wapeza malo a masters, koma mukamufunsa kuti ukaphunzira chiyani akungoti food web ya m'nyanja, mukafunsitsa akuti azikang'amba mimba za nsomba. Ndiye mukuti, sukulu yonseyi n'kukathera pa ntchito imene amayi a pa dooko la Msaka amagwira opanda satifiketi? Ndajambula mawu chifukwa kulemba zitalika. Khalani pansi kaye.

Food web ndi nkhani ya ndani akudya ndani. Ku pulayimale anatiphunzitsa mzere umodzi, udzu, mbuzi, fisi. Koma fisi sadya mbuzi yokha, ndipo udzu sudyedwa ndi mbuzi yokha. Mizere ija ikachuluka n'kulukana imaoneka ngati ukonde, dzinalo linachokera pamenepo. Kujambula mizereyo aliyense akhoza, ngakhale msodzi akuuzani bwinobwino kuti mcheni umadya usipa. Chimene msuweni wangayu akufuna ndi nambala. Umadya usipa wochuluka bwanji pa chaka, kuyambira utakula kufika pati, ndipo usipa ukasowa umatembenukira ku chiyani.

Amene anayambitsa kuika manambala pa mizereyi analinso mnyamata wongoyamba kumene, Raymond Lindeman wa ku America, wobadwa mu 1915. PhD yake anachitira ku University of Minnesota, pa kanyanja kakang'ono kosaya kotchedwa Cedar Bog Lake. Kwa zaka zingapo iye ndi mkazi wake ankatunga madzi ndi matope a pansi, n'kumasefa, kuwerenga tizilombo ndi kuyeza kulemera kwake. Atamaliza mu 1941 anapita ku Yale kukagwira ntchito ndi G. Evelyn Hutchinson, katswiri wa za nyanja. Pepala lake lalikulu magazini ya Ecology inayamba yalikana, olionawo anati maganizo achuluka koma umboni wachepa. Hutchinson analimenyera nkhondo mpaka linatuluka mu Okutobala 1942, mwini wake atamwalira kale mu Juni chaka chomwecho ndi matenda a chiwindi, ali ndi zaka 26. Mfundo yake inali yoti chakudya chikamachoka kwa wodyedwa kupita kwa wodya, chambiri chimathera panjira, china m'kupuma, china m'kuyenda, china m'chimbudzi. Lero timangoti chimene chimawoloka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, ngakhale malo ena chimaposa, ena chimachepera. Ndiye makilogalamu 1,000 a ndere akupatsani 100 a tizilombo, 10 a usipa, kilogalamu imodzi ya mcheni. Mwaona chifukwa chake usipa timagula pa ndowa koma mcheni timagula mowerenga.

Tsopano nyanja yathu. Pansi pa ukonde wonse pali ndere, ina yoyandama yosaoneka ndi maso, ina yomera pa miyala, imene mbuna zimapala. Ndere yoyandamayo imachuluka nthawi ya mwera, cha mu Juni mpaka Ogasiti, chifukwa mphepo imavundula madzi n'kukweza chonde cha pansi, makamaka kummwera cha ku Mangochi. Ndereyo imadyedwa ndi tizilombo tating'ono kwambiri, zooplankton. Tizilomboto timadyedwa ndi usipa, utaka, komanso mphutsi za nkhungu, ntchentche zija zimafuka panyanja ngati utsi. Mphutsizi n'zochenjera. Nyanjayi ndi yakuya pafupifupi mamita 700 kumpoto, koma mukatsika kupitirira mamita 200 kapena 250 mulibe okosijeni, nsomba sizikhalako. Masana mphutsizo zimatsikira cha kumeneko kukabisala, usiku n'kukwera kudzadya. Kenaka pali ndunduma, mcheni, kampango, pamwamba pake nkhwazi, ng'ona ndi ife.

Apa ndi pamene muonere kuti manambalawa si masewera. Cha m'ma 1980 panali maganizo oti mphutsi za nkhungu zikungomaliza chakudya pachabe, zikasanduka ntchentche n'kuuluka, ndiye bwanji tibweretse kapenta wa ku Tanganyika, ngati momwe anachitira ku nyanja ya Kariba mu 1967 ndi 1968, kuti azidya tizilomboto. Kumayambiriro kwa m'ma 1990 kafukufuku wamkulu wa UK ndi SADC, amene ankachitikira ku Senga Bay, anayeza za pakati pa nyanja, kuphatikizapo kung'amba mimba komweku, ndipo zinaoneka kuti gawo lalikulu la mphutsizo limadyedwa ndi nsomba zathu zomwe, ndunduma ndi zinzake. Sichinali chakudya chotayika ayi. Kapenta sanaikidwe. Ku nyanja ya Victoria anaika Nile perch, chinsomba chodya zinzake, m'ma 1950 ndi 1960, itachulukana m'ma 1980 mitundu pafupifupi 200 ya nsomba zazing'ono za kumeneko inasowa. Nsomba ukaiika m'nyanja suingaitulutsenso.

Ndiye kung'amba mimbako. N'kosiyana ndi kwa pa dooko, ndipo kumalakwika mosavuta. Nsomba ikafa, mimba siimaima nthawi yomweyo, imapitiriza kugaya. Pa kutentha kwa ku Monkey Bay, maola awiri atatu basi mupeza phala losazindikirika. Choncho ikangotuluka m'madzi amaiyeza kutalika ndi kulemera, n'kuiika pa ayezi, kapena kuchotsa matumbo n'kuwaviika mu formalin wa 10 peresenti, mankhwala oletsa kuwola. Nsomba za m'machera ogona usiku wonse sizithandiza kwenikweni, zakhala zitakodwa maola ambiri, zina zasanza, zina zagaya zonse. Za chilimira cha usiku nazonso zili ndi vuto lake, nyali imaitana tizilombo, usipa n'kudya pomwepo, ndiye mimba ikuonetsa phwando la pa nyali osati chakudya cha masiku onse. Nsomba zochokera pansi kwambiri zikakwezedwa msanga mpweya wa m'kati umafutukuka n'kukankhira mimba kukamwa, zonse zatayika.

Ku labu amatsegula pansi pa maikulosikopu. Usipa ulibe chifu chenicheni, ndi thumbo lokha, ndiye amaona chigawo cha kutsogolo kumene chakudya chisanagayike. Chambo, utaka ndi mbuna zili ndi mano ena kukhosi opera chakudya, mumangopeza tizidutswa, kamwendo apa, kamutu apo, ndipo ayenera kudziwa kuti kamutu aka n'ka chiyani. Nsomba yodyedwa amaizindikira ndi mafupa, mamba, kapena timiyala ta m'khutu totchedwa otolith. Powerengera pali msampha wina. Mcheni wameza usipa umodzi ndi mphutsi 50. Mukawerenga mitu mudzati umadya mphutsi, mukayeza kulemera mudzati umadya usipa. N'chifukwa chake amalemba zitatu, chiwerengero, kulemera, ndi kuti chakudyacho chapezeka m'mimba zingati mwa zonse. Pa mtundu uliwonse ndi msinkhu uliwonse amafuna mimba 20 kapena 30 zokhala ndi kanthu, apitirize mpaka pamene mimba zatsopano zasiya kuonetsa chakudya chatsopano. Nsomba zodya zinzake zambiri zimapezeka zili ndi mimba yopanda kanthu, ndiye kuti afike pa 30 ang'amba zochuluka kuposa apo. Abwerezenso nthawi ya dzinja, ya mwera ndi ya chilimwe.

Komabe mimba imangokuuzani chakudya cha lero. Mukandipeza nditadya nyama ku ukwati simunganene kuti ndimadya nyama tsiku lililonse. Ndiye pali njira yachiwiri, ya stable isotopes, imene imawerenga mnofu weniweniwo. Nayitrojeni alipo wopepuka ndi wolemererako pang'ono, 14 ndi 15. Thupi limataya wopepukayo msanga n'kusunga wolemerayo, choncho wodya amakhala ndi nayitrojeni 15 wochulukirapo kuposa chimene wadya, pafupifupi magawo 3.4 pa 1,000 pa sitepe iliyonse ya mzere wa kudyana uja. Kaboni sasintha kwambiri, mwina gawo limodzi kapena kucheperapo, ndiye amagwira ntchito ngati chidindo cha kumene chakudyacho chinayambira. Ndere ya pa miyala ya m'mbali ndi ndere yoyandama pakati zili ndi chidindo chosiyana. Nayitrojeni akuuzani kuti nsombayi ili pa sitepe iti, kaboni akuuzani kuti imadyera kumtunda kapena pakati.

Kachitidwe kake, amadula kamnofu koyera ka pamsana, pansi pa chipsepse, kopanda khungu, mamba kapena fupa. Amakaumitsa mu uvuni pa madigiri 60 kwa maola 48, n'kukapera kukhala ufa, kuyeza pafupifupi miligalamu imodzi, n'kukulunga m'kachikopa ka tini kochepa ngati njere ya mapira. Timipira timeneti ndi timene timapita ku makina otchedwa mass spectrometer, nthawi zambiri kunja, ku South Africa kapena ku Ulaya, ndipo amalipiritsa pa kampira kalikonse. Kuwerengera kwake n'kosavuta. Tiyerekeze nkhono yodya ndere, imene ili pa sitepe 2, yatuluka ndi 3.0, nsomba yatuluka ndi 9.8. Kusiyana ndi 6.8, kugawa ndi 3.4 mupeza 2, kuphatikiza ndi 2 ija, nsombayo ili pa sitepe 4, ndiye kuti imadya nsomba zinzake.

Zolakwika zake, eee, zilipo. Choyamba ndi kuiwala nkhono ija. Akatenga nsomba zokha osatenga nkhono, zooplankton ndi ndere za malo omwewo nthawi yomweyo, alibe poyambira, chifukwa pafupi ndi pamathero a mtsinje wobweretsa feteleza ndi zonyansa za m'midzi nayitrojeni amayambira kale pena, nsomba n'kuoneka ngati ili pa sitepe imene siilipo. Chachiwiri, mnofu wa isotope usakhudze formalin, amasintha nambala ya kaboni, ndiye adule kamnofu kaye asanaviike matumbo. Chachitatu ndi mafuta. Usipa wonona umatsitsa nambala ya kaboni, choncho kaboni akaposa nayitrojeni kupitirira ka 3.5 ayenera kuchotsa mafutawo kapena kukonza ndi masamu. Chachinayi n'chopusa koma chimagwetsa ambiri, malebulo. Inki ya maka imasungunuka ndi spirit, firiza ikazima usiku umodzi zonse zawola. Alembe ndi pensulo pa pepala losalowa madzi, aike m'kati mwa botolo, ndipo aumitse msanga m'malo modalira firiza. Komanso mnofu umasintha pang'onopang'ono, milungu ingapo mpaka miyezi, ndiye nsomba yogwidwa mu Seputembala ikukuuzani za chakudya cha nthawi ya mwera.

Za sukulu. Digiri yoyamba ya zausodzi ku Bunda kapena ku Mzuni, kapena ya biology ku Chanco, imangomupatsa maziko. Masters ndi zaka ziwiri, kawirikawiri choyamba m'kalasi, chachiwiri panyanja ndi ku labu. Chimene chimavutitsa ambiri si bwato, ndi statistics. Ayambiretu pano kuphunzira pulogalamu ya R yochitira statistics, ndi yaulere, komanso Ecopath, imene amaikamo kuchuluka kwa gulu lililonse, kakulidwe kake ndi zimene limadya, kenaka iyo n'kuona ngati masamu akugwirizana. Zikatuluka kuti mcheni ukudya usipa wochuluka kuposa umene nyanja ikubala, ndiye kuti nambala ina ndi yabodza, abwerere akafufuze. Akafuna kupitiriza, PhD ndi zaka zitatu kapena zinayi, kenaka postdoc, imene ndi kontirakiti ya chaka chimodzi mpaka zitatu. Pa ntchito imeneyi munthu amamuyeza ndi mapepala amene wasindikiza, ndiye thesis isakagone pa shelefu, atulutsemo pepala limodzi. Ndisakunamizeni kuti muli chuma. Ntchito zake ndi ku dipatimenti ya zausodzi, kumalo a kafukufuku ngati a ku Monkey Bay, m'mayunivesite ndi m'mabungwe osamala zachilengedwe.

Ndinatsala pang'ono kuiwala, inu mumadandaula za likodzo ana akapita kunyanja. Nayonso ndi food web. Ku Cape Maclear, wofufuza wa ku America Jay Stauffer ndi anzake anaona kuti nsomba zodya nkhono, makamaka Trematocranus placodon, zitachepa m'madzi osaya chifukwa cha makoka a maso ang'ono, nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka, matenda nawo n'kukwera.

Ndiye asanasainire malowo mufunseni zinthu izi, azakhali. Ndalama za kafukufuku zikulipira mafuta a boti ndi kuyeza ma isotope, kapena ndi fizi yokha? Aphunzitsi omuyang'anira ali kale ndi labu imene amatumizako? Chilolezo chotulutsa masampulo kunja kwa dziko akuyendetsa ndani, popeza chimatenga nthawi ndipo masters siidikira? Mukafuna kumugulira mphatso, mugulireni cooler box yolimba, tochi ya pamutu ndi life jacket ya saizi yake. Mwera ukayamba asadalire ya m'boti.