Kukayezetsa thupi lili bwinobwino

Achemwali, mwafunsa ngati pali phindu kupita kuchipatala kukayezetsa pomwe simukumva kupweteka paliponse. Phindu lilipo, ndipo ndikunena izi kuchokera pansi pamtima.

Matenda a kuthamanga kwa magazi (BP) sachenjeza. Munthu amagwira ntchito, kugona tulo tabwino, koma mtima, impso ndi mitsempha zikuwonongeka pang'onopang'ono. Mayi anga tinawadziwira tsiku lomwe anagwa pakhomo m'mamawa, mkono wakumanja utalobodoka, pakamwa patapotoka. Chonsecho kuyeza kwake sikutenga mphindi 5: namwino amakukulungani lamba pamkono, n'kupopa, basi. Manambala akafika 140/90 kapena kupitirira pa masiku awiri osiyana, ndiye kuti BP yakwera, pafunika chithandizo. Mukafika khalani pansi mupume kaye, ndipo musalankhule makina akamayeza, chifukwa zimasokoneza manambala.

Shuga amayeza ndi kadontho ka magazi a pachala, choncho pemphani tsiku lomwelo.

Popeza mwati muli ndi zaka 34, musachoke osafunsa zoyezetsa khansa ya khomo la chiberekero. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza amayi kuyamba ali ndi zaka 30, ndipo amene ali ndi HIV ayambe ali ndi zaka 25. Khansa imeneyi imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo zizindikiro zake zoyambirira zikapezeka msanga zimachizika.

Tengani mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale azitsamba, adokotala akawaone. Akakuuzani zotsatira koma simunamvetse, funsaninso musanatuluke m'chipindamo.